Makina a da Vinci pa opaleshoni ya khansa ya thumbo lalikulu: pamene amathandiza ndi pamene ubwino wake umathera

Masiku ano Amalawi ndi anzathu a ku Zambia amene akukhala ku Britain ndi ku South Africa, ngakhalenso odwala amene amapita ku India kukalandira chithandizo, akumauzidwa kawirikawiri kuti opaleshoni yawo ya m'matumbo ichitika mothandizidwa ndi loboti, ndipo ambiri amavomera asakudziwa bwinobwino chimene avomeracho. Ena amagwidwa mantha poganiza kuti chitsulo chiwang'amba chokha popanda munthu, pamene ena amakondwera mopitirira muyeso n'kumaona ngati khansa yatha kale chifukwa choti makina okwera mtengo alowererapo. Ine ndine namwino wa ku fiyeta pa chipatala china cha boma ku England, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuima pambali pa makina otchedwa da Vinci pamene madokotala akuchotsa zotupa za m'thumbo lalikulu. Maganizo anga ndi akuti makinawa ndi chida chabwino zedi pa ntchito imodzi yovuta, yochotsa khansa imene yamera kumunsi kwenikweni kwa thumbo, m'kati mwa mafupa a m'chiuno, koma pa maopaleshoni ena a m'matumbo phindu lake kwa wodwala ndi lochepa tikaliyerekeza ndi ndalama zimene makinawo amadya.

Makinawa amapangidwa ndi kampani ya Intuitive Surgical ya ku Sunnyvale, m'dera la California ku America, imene inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo bungwe la FDA loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala m'dzikolo linawavomereza mu 2000. Poyamba anatchuka pa opaleshoni ya prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo madokotala a matumbo anayamba kuwagwiritsa ntchito cha m'ma 2002. Mtundu umene ndimaudziwa bwino ndi wa Xi, umene unatuluka mu 2014, ndipo ndi umenewu umene unatsegulira khomo madokotala a matumbo, chifukwa opaleshoni ya thumbo imafuna kuti munthu afike kumtunda kwa mimba pafupi ndi kapamba kenako n'kutsika mpaka pansi pa chinena, pomwe mitundu yakale inkafuna kuti pakati pa ntchito makina onse amasulidwe, asunthidwe, n'kulumikizidwanso. Mikono ya Xi inalenjekedwa kumwamba pa chitsulo chozungulira, choncho imatha kutembenuka kuloza mbali iliyonse ya mimba popanda kukankha chingolo chonsecho.

Choyamba chimene wodwala aliyense ayenera kumvetsa n'chakuti makinawa sachita kanthu paokha. Ali m'zigawo zitatu: chingolo cha mikono inayi chimene chimaima pambali pa bedi la opaleshoni, kabati yokhala ndi sikirini ndi zipangizo za kamera, ndiponso malo amene dokotala amakhalapo chapatali pang'ono m'chipinda chomwecho, otchedwa console. Dokotala amalowetsa nkhope m'chibowo choonera, zala zake n'kugwira timagwiriro tiwiri, ndipo ambiri amavula nsapato kuti mapazi azimva bwino zopondera zimene amasinthira kamera kapena kuyatsira moto wowotcha mitsempha ya magazi. Akangodzutsa mutu kuchoka pa chooneracho, zida zonse zimene zili m'mimba mwa wodwala zimaima nji pamalo pomwe zinali, ndipo sizisunthanso kufikira atabwezera mutu. Ndinaona zimenezi tsiku langa loyamba kugwira ntchito ndi makinawa, ndipo mpaka lero ndicho chinthu chimene ndimauza odwala amantha, chifukwa chimawakhazika mtima pansi kuposa mawu ena onse.

Ntchito yathu anamwino imayamba wodwala asanalowe. Mkono uliwonse timauveka chipulasitiki choonekera m'kati, chopanda tizilombo, ndipo pulasitikiyo ikang'ambika pang'ono pokha kapena ikakhudza chinthu chosayenera timayambiranso. Wodwala akagonetsedwa, dokotala amaboola timabowo tinayi kapena tisanu pamimba, tambiri ta mamilimita 8, n'kupopera mpweya wa carbon dioxide kuti mimba ifufume ndipo m'kati mupezeke malo ogwirira ntchito. Kenako bedi limapendeketsedwa, mutu pansi miyendo m'mwamba, kuti matumbo aang'ono aterereke kuchoka m'chiuno, ndipo mmodzi wa ife amakankha chingolo chija pang'onopang'ono kufikira kamtanda kobiriwira ka kuwala kochokera pamakinawo katagwera pa bowo la kamera. Gulu lozolowerana limachita zonsezi mwachangu ndiponso mwakachetechete, koma gulu latsopano likhoza kutaya nthawi yaitali wodwala ali chigonere, ndipo nthawi imeneyo sabwezeredwa ndi aliyense.

Kuti munthu amvetse pamene makinawa amaposa njira zina, ayenera kudziwa malo amene chigawo chomaliza cha thumbo lalikulu, chimene madokotala amachitcha rectum, chimakhala. Chigawochi chimatsika m'kati mwa mafupa a m'chiuno kukathera kotulukira chimbudzi, ndipo mwa mwamuna malowa ndi akuya komanso opapatiza ngati mtondo, makamaka ngati mwamunayo ndi wonenepa. Kutsogolo kwake kuli chikhodzodzo ndi prostate, kapena chiberekero ndi njira ya abambo mwa mkazi, ndipo m'mbali mwake mumadutsa timitsempha topyapyala timene timalamulira kukodza ndi mphamvu za m'banja. Mu 1982 dokotala wina wa ku Basingstoke kuno ku England, Bill Heald, anafalitsa njira yochotsera chigawochi pamodzi ndi chikuta chonse cha mafuta chimene chimachizinga, momwe mumakhala anabele amene khansa imathawirako, popanda kuching'amba chikutacho. Njira imeneyi inachepetsa kwambiri kubwereranso kwa khansa pamalo omwewo, ndipo mpaka pano ndiyo muyeso wa opaleshoni yabwino, kaya yachitika pong'amba pamimba, kaya poboola timabowo n'kulowetsamo zida zowongoka zimene dokotala amagwira ndi manja ake, njira yotchedwa laparoscopy, kaya ndi loboti. Vuto la laparoscopy ndi lakuti zida zake ndi ndodo zosapindika, ndipo kufika nazo pansi penipeni pa chiuno chopapatiza, kuseri kwa chotupa chachikulu, ndi ntchito yotopetsa ngakhale kwa katswiri.

Apa ndi pamene da Vinci imandigometsa. Nsonga za zida zake zimapindika ndi kuzungulira monga dzanja la munthu, mwinanso kuposa, ndipo makinawo amachotsa kunjenjemera kwa manja a dokotala komanso amachepetsa kayendedwe kake, moti iye akasuntha dzanja kwambiri chida chimasuntha pang'ono chabe. Kamera imaonetsa kuya kwa zinthu monga mmene maso awiri amaonera, imakulitsa chithunzi mpaka kakhumi, ndipo popeza imagwiridwa ndi mkono wa makina, sigwedezeka monga imachitira ikakhala m'manja mwa wothandiza amene watopa. Ndaonapo pa sikirini kamtsempha koyera, kochepa ngati ulusi, kakutuluka poyera pambali pa thumbo, dokotala n'kukakankhira kumbali mofatsa ndi kunsi kwa lumo lake m'malo mokadula, pamalo amene ndi maso okha munthu sangaone kanthu koma mafuta achikasu. Kwa bambo wa zaka makumi asanu amene ali ndi banja, kamtsempha kameneko si kanthu kakang'ono. Palinso kuwala kwapadera kotchedwa Firefly: dokotala wogonetsa amabaya mumtsempha mankhwala a indocyanine green, ndipo pasanathe mphindi imodzi chigawo cha thumbo chimene chikulandira magazi bwino chimawala mobiriwira pa sikirini, pamene chosalandira magazi chimakhala chakuda, ndipo dokotala amadula pamalire pomwepo asanalumikize mbali ziwirizo. Kunena mwachilungamo, kuwala kotereku kumapezekanso pa makamera ena atsopano a laparoscopy, choncho si chifukwa chokwanira chosankhira loboti.

Zimene maso a namwino aona si umboni wokwanira, ndipo kafukufuku sananene chimodzi. Kafukufuku wamkulu woyamba, wotchedwa ROLARR, amene anatsogoleredwa ndi Pulofesa David Jayne wa ku Leeds ndipo anasindikizidwa mu 2017 m'magazini ya zachipatala ya JAMA, anayerekeza njira ziwirizi pa odwala 471 m'zipatala 29 za m'mayiko 10. Funso lake lalikulu linali lakuti ndi kangati pamene dokotala amalephera kumaliza ntchito kudzera m'timabowo n'kukakamizika kung'amba pamimba. Zinapezeka kuti zimenezi zinachitika pa 8.1 peresenti ya odwala a loboti ndi 12.2 peresenti ya odwala a laparoscopy, koma kusiyanaku sikunali kokwanira kutsimikizira kuti sikunangochitika mwamwayi, ndipo opaleshoni ya loboti inkatenga nthawi yaitali ndi mphindi zoposa 30 komanso inali yokwera mtengo. Okonda makinawa amayankha kuti madokotala a m'kafukufukuyo anali ozolowera laparoscopy kwambiri kuposa loboti, ndiponso kuti mwa amuna kusiyana kunaoneka kokulirapo, ndipo mfundo zonse ziwirizi n'zoona.

Chithunzi chinasintha ndi kafukufuku wa ku China wotchedwa REAL, amene anachitika m'zipatala 11 motsogozedwa ndi madokotala a pa Zhongshan Hospital ku Shanghai, ndipo anakhudza odwala oposa 1,100 amene khansa yawo inali chapakati kapena kumunsi kwa rectum. Zotsatira zoyamba, za mu 2022, zinasonyeza kuti khansa inapezeka m'mphepete mwa chigawo chochotsedwa pa 4.0 peresenti ya odwala a loboti poyerekeza ndi 7.2 peresenti ya enawo, ndipo mavuto a pambuyo pa opaleshoni anali 16.2 peresenti poyerekeza ndi 23.1 peresenti. Zotsatira za patapita zaka zitatu, zimene zinatuluka mu 2025, zinasonyeza kuti khansa inabwerera pamalo omwewo mwa 1.6 peresenti ya odwala a loboti ndi 4.0 peresenti ya a laparoscopy, ngakhale kuti chiwerengero cha amene anali adakali moyo sichinasiyane kwenikweni. Ziwerengerozi ndimazilemekeza, koma owerenga azindikire kuti zikunena za khansa ya chapakati kapena kumunsi kwa rectum yokha, ndiponso za madokotala amene amachita maopaleshoni otere ambirimbiri chaka chilichonse.

Pa khansa ya kumtunda, mbali ya kumanja kapena ya kumanzere kwa thumbo lalikulu, malo ndi otakasuka ndipo dokotala wodziwa laparoscopy amafikapo popanda vuto. Ubwino umene ndimauona ndi wakuti kusoka ndi kulumikiza thumbo m'kati mwa mimba momwemo kumaphweka, moti chotupa chimatulutsidwira pa kabala kakang'ono ka pamwamba pa chinena, kamene kamapola bwino ndipo sikabweretsa chophukacho kawirikawiri. Kupatula pamenepo, wodwala wa loboti ndi wa laparoscopy akagona mabedi oyandikana ku wodi, sindingathe kuwasiyanitsa.

Zofooka za makinawa zilipo, ndipo chachikulu ndi chakuti pa mtundu wa Xi dokotala samva m'manja mwake kulimba kapena kufewa kwa chimene wagwira. Amadalira maso okha, kuona mmene mnofu ukukokekera kapena kuyerera, ndipo mikono imeneyi ili ndi mphamvu zambiri, moti wophunzira akhoza kudula ulusi posoka kapena kufinya thumbo mopitiriza asakuzindikira. Mtundu watsopano wa da Vinci 5, umene unavomerezedwa ku America mu 2024, uli ndi zida zimene zimabwezera kukhudzako m'zala za dokotala, zomwe zikusonyeza kuti opangawo akulidziwa vutoli. Chachiwiri ndi chakuti dokotala wamkulu sali pa bedi, sanavale zovala zoyeretsedwa za opaleshoni, ndipo saona zimene zikuchitika kunja kwa mimba. Mikono ikagundana, kapena umodzi ukayandikira nkhope kapena mwendo wa wodwala, amene amaona ndi ife oima pambali, ndipo mawu athu ayenera kumveka ndi kumveredwa msanga. Magazi akatuluka mwadzidzidzi, makina onse ayenera kumasulidwa ndi kukankhidwira kutali kuti mimba ing'ambidwe, ndiye chifukwa chake gulu labwino limayeserera kumasula kwadzidzidziku nthawi ndi nthawi ngakhale palibe wodwala. Ine ndimaweruza fiyeta iliyonse ya loboti poona ngati namwino wamng'ono ali ndi ufulu wouza dokotala wamkulu kuti aime, ndipo dokotalayo n'kuimadi.

Kugona chopendekeka mutu pansi kwa maola angapo kulinso ndi zotsatira zake. Odwala ena amadzuka nkhope ndi zikope zitatupa, ena mapewa akuwawa chifukwa cha mpweya uja, ndipo achibale amene sanachenjezedwe amadzidzimuka akawaona. Kutupaku kumaphwa pakapita nthawi yochepa, koma kwa munthu wodwala mtima, mapapo kapena matenda a maso otchedwa glaucoma, nkhani ya kagonedwe imeneyi iyenera kukambidwa ndi dokotala wogonetsa tsiku la opaleshoni lisanafike.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi chiyembekezo chabodza. Wachibale wa mnzanga wina analipira ndalama zambiri pa chipatala china cholipira kunja kwa dziko lake atamva kuti ndi loboti sipadzakhala thumba la chimbudzi pamimba, ndipo atadzuka n'kupeza thumbalo lili pomwepo anaona ngati opaleshoni yalephera, chikhalirecho inali itayenda bwino. Dokotala akalumikiza thumbo kumunsi kwambiri, nthawi zambiri amatulutsira pamimba kachigawo ka matumbo aang'ono, kotchedwa stoma, kuti chimbudzi chisadutse pa msoko kufikira utapola, ndipo amadzakabwezera pakapita miyezi ingapo. Chotupa chikagwira minyewa yotsekera chimbudzi, thumbalo limakhala la moyo wonse, kaya opaleshoni yachitika ndi chida chanji. Msoko ukhozanso kuchucha, limene ndi vuto loopsa kwambiri pa opaleshoni imeneyi, ndipo loboti sinalithetse. Ambiri amene achotsedwa rectum amakhala akupita kuchimbudzi pafupipafupi kapena kulephera kudzigwira kwa miyezi ngakhale zaka, chifukwa nkhokwe yosungira chimbudzi yachoka. Makina sachotsanso kufunika kwa mankhwala a khansa kapena kuwotcha chotupa ndi radiotherapy ngati matenda afika pofunika zimenezo. Dokotala amene amatchula zonsezi poyera asanakupatseni pepala losainira ndi amene ine ndingamukhulupirire.

Za kuchira msanga, n'zoona kuti odwala athu ambiri amakhala pampando ndi kumwa zamadzimadzi tsiku lotsatira, ndipo amatuluka m'chipatala pasanathe sabata ngati palibe chovuta. Koma mbali yaikulu ya ulemu umenewu iyenera kupita ku ndondomeko yosamalira odwala imene dokotala wa ku Denmark, Henrik Kehlet, anayambitsa m'zaka za m'ma 1990, yoti wodwala asasalitsidwe kudya nthawi yaitali, apatsidwe mankhwala ochepetsa ululu osafooketsa matumbo, ndipo adzutsidwe kuyenda msanga. Pamene loboti imaposa moonekeratu ndi poiyerekeza ndi kung'amba pamimba kuchokera pachifuwa mpaka pachinena, chifukwa magazi otayika amakhala ochepa, ululu wochepa, ndipo bala silichedwa kupola. Koma ubwino umenewo laparoscopy nayonso ili nawo.

Mtengo ndiwo umandichititsa kukayika pomva anthu akufuna kuti makinawa afike paliponse. Makina amodzi amagulidwa ndalama zokwana pafupifupi madola 2 miliyoni a ku America, kuwonjezera pa ndalama za chaka ndi chaka zowakonzetsera, ndipo chida chilichonse chimene timamangirira ku mikono ija chili ndi kachipangizo kowerenga maulendo amene chagwira ntchito. Chikakwanitsa chiwerengero chake, chimene pa zida zambiri chimakhala pakati pa 10 ndi 18, makina amachikana ngakhale chikuoneka changwiro, ndipo chimatayidwa. Kuno ku England wodwala wa m'zipatala za boma, zotchedwa NHS, salipira kanthu pa zonsezi, ndipo mu 2025 bungwe la NICE, limene limaunika njira za chithandizo cha kuchipatala kuno, linalola kuti mitundu ingapo ya maloboti igwiritsidwe ntchito kwa zaka zitatu uku umboni wina ukusonkhanitsidwa, kusonyeza kuti ngakhale akuluakulu a zaumoyo kuno sanatseke nkhani ya ngati phindu likulingana ndi mtengo. Mpikisano ukubwera kuchokera ku makina a Versius a kampani ya CMR Surgical ya ku Cambridge, a Hugo a kampani ya Medtronic, ndi a SSI Mantra opangidwa ku India, ndipo mwina udzatsitsa mitengo. Ku South Africa makina oyamba a da Vinci anafika pa chipatala cholipira ku Pretoria mu 2013, ndipo zipatala za boma za Tygerberg ndi Groote Schuur ku Cape Town zinadzakhala nawo patapita zaka pafupifupi khumi. Kwathu ku Malawi, kumene odwala ambiri amafika kuchipatala khansa itakula kale chifukwa magazi a m'chimbudzi anawayesa kamwazi kapena mudzi, ndalama zogulira loboti imodzi zingapulumutse miyoyo yochuluka zitagula zipangizo zounikira m'matumbo, kulipira akatswiri oyeza zotupa, ndi kuphunzitsa madokotala ndi anamwino opaleshoni ya laparoscopy.

Kwa munthu amene wapatsidwa mwayi wosankha, uphungu wanga ukudalira malo amene chotupa chili ndi thumba limene ndalama zichokere. Ngati khansa ili chapakati kapena kumunsi kwa rectum, makamaka mwa mwamuna kapena munthu wonenepa, ndipo dokotala wake wachita maopaleshoni otere ambiri ndi makinawa, ine ndingavomere loboti mosazengereza, ndipo ndingauze m'bale wanga kuti atero. Ngati chotupa chili kumtunda ndipo banja liyenera kugulitsa munda kapena kutenga ngongole kuti lilipire ndalama zowonjezera za loboti, ndingasankhe katswiri wa laparoscopy n'kusunga ndalamazo kuti zidzathandize pa mankhwala a khansa ndi maulendo okaonedwanso, zimene zimapitirira kwa zaka zisanu. Si mwano kufunsa dokotala kuti wachita maopaleshoni angati a mtundu umenewu ndi makinawa, kuti ndi kangati pamene amakakamizika kung'amba pamimba, kuti odwala ake angati msoko unachucha, ndiponso kuti usiku vuto likagwa amene adzabwere kudzaona wodwala ndani. Amene akulipira okha afunsenso kuti mtengo umene apatsidwa ukuphatikiza zida zotayidwa zija, masiku owonjezera a m'chipatala ngati patabuka vuto, ndi opaleshoni yachiwiri yodzatseka stoma, ndipo yankho lake alilandire lolembedwa papepala asanapereke ndalama iliyonse.